Chingwe chonenepa cha mono pa nyambo zopanga: chikamavuta muyang'ane pati?

Dandaulo lake limakhala lomwelomweli, kaya labwera ndi mnyamata wa ku Mufakose mu Harare amene wangoyamba kuponya nyambo zopanga, kaya ndi achikulire a ku Norton amene akhala akuwedza makumba ndi nyongolotsi moyo wawo wonse. Munthu wagula chingwe chonenepa cha mono (cha nayiloni, cha ulusi umodzi) poopa kuti nsomba yaikulu ya bass ingamudulire, wadzaza nacho reel (chopukusira chingwe) yaing'ono, walawirira kudamu m'bandakucha. Kuponya koyamba nyambo yagwera pafupi pomwepa. Kuponya kwachitatu chingwe chakhuthuka pa spool (pamene chimakulungidwa mu reel) nkhatankhata, chapiringizana, ndipo nthawi imene nsomba zikudya iye ali khale pamwala kumasula mfundo. Pobwerera amangoti anamugulitsa chingwe chabodza.

Kawirikawiri chingwecho chimakhala chilibe mlandu, changoikidwa pamalo pamene si pake. Mono wonenepa ali ndi ntchito zambiri pa usodzi wa nyambo zopanga, zina zoti palibe chingwe china chingamupose, koma pafupifupi zonsezo zimafuna kachidutswa chabe: mkono umodzi kutsogolo kwa braid (chingwe cholukidwa ndi ulusi wambiri), mamita angapo pansi pa spool, mwinanso kotalika ngati chala pa mbedza. Kudzaza naye reel yonse kumayenera pa reel ya mtundu umodzi wokha, ndiponso poponya pafupi.

Ndikunena chingwe choyambira pa mapaundi 20 (20 lb) kupita m'mwamba. Cha 20 lb chimapirira makilogalamu 9 ndipo chimanenepa cha m'ma 0.40 mpaka 0.45 mm. Cha 30 lb ndi makilogalamu 13.6, cha m'ma 0.50 mpaka 0.55 mm, pamene cha 50 lb chimafika cha m'ma 0.70 mm. Pogula muziwerenga mamilimitawo, osangokhulupirira ma lb okha, chifukwa makampani awiri akhoza kulemba 20 lb onse koma zingwe zawo n'kusiyana kunenepa, ndipo kunenepako ndi kumene reel yanu ndi nyambo yanu zimakumva.

Chingwe chikukhuthuka chokha pa spool

Nayiloni ikakhalitsa itakulungidwa, imasunga kupindika kwa pamene inakulungidwapo. Ikakhala yonenepa, ndipo spool ikakhala yaing'ono, kupindikako kumakula mphamvu. Vutoli ndi lakale ngati chingwecho. Kampani ya DuPont inayamba kugulitsa mono m'chaka cha 1939, koma asodzi ambiri anamukana kwa zaka zambiri chifukwa cha kuuma komweku, mpaka inatulutsa wofewerapo wotchedwa Stren cha m'ma 1959. Mono wa lero ndi wofewa kuposa wa nthawi imeneyo, koma wa 30 lb sanasiye khalidwe lake.

Choyamba yang'anani manambala olembedwa m'mbali mwa spool. Amakuuzani kunenepa kwa chingwe chimene reel imeneyo anaipangira, ndi mamita amene angalowemo. Spinning reel ya saizi 2500, imene ambiri a ife tili nayo, imasangalala ndi mono wa 8 lb kapena 10 lb. Ya 4000 ikhoza kupirira 12 lb kapena 14 lb. Mukaikamo 25 lb palibe mankhwala amene angachize, ndipo ndikukuuzani mosabisa kuti musataye nthawi: chotsani chingwecho, chisungeni kuti chigwire ntchito zimene ndifotokoze m'munsimu. Chifukwa chake n'chakuti pa spinning reel chingwe chimatuluka chikuzungulira kukamwa kwa spool imene ili chiimire, ndiye nkhata imodzi youma ikadumpha imakokanso zinzake. Pa baitcaster spool ndiyo imazungulira, chingwe chimatuluka molunjika, n'chifukwa chake 17 lb, 20 lb ngakhale 25 lb amakhala bwino pamenepo.

Ngati kunenepa kukugwirizana ndi reel koma nkhata zikudumphabe, pali zinthu zingapo zoti muone. Mwina mwadzazitsa. Siyani mpata wa mamilimita 2 kapena 3 kuchokera pamlomo wa spool, ndipo chingwe chikakhala chouma siyani wokulirapo. Mwinanso chingwecho chagona miyezi osagwiritsidwa ntchito. Chotsani spool muiviike m'madzi ofunda, osati owira, kwa mphindi 10 kapena 15, chifukwa nayiloni imamwa madzi n'kufewa. Mukafika kudamu mangani nsonga yake pamtengo, yendani mapazi 30 kapena 40 chingwe chikutuluka, kenako kokani pang'onopang'ono mpaka mumve chikutamuka, gwirani choncho kanthawi, bwerezani kawiri. Pokulunganso chipanikizeni ndi zala kuti chilowe chokungika.

Koma kupindika ndi kupotana ndi matenda awiri osiyana, ndipo ambiri amawasokoneza. Kuti mudziwe, tulutsani mita imodzi ndi theka, lekererani kuti chikhwepe. Chikangopanga nkhata zotambasuka, kumeneko ndi kupindika. Chikadzipota chokha n'kukwerana, ndiye kuti chapotana, ndipo madzi ofunda sathandiza kanthu. Kupotana kumabwera ndi nyambo zachitsulo zozungulira, spinner kapena supuni, popanda swivel (kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana), ndi nyongolotsi ya pulasitiki imene yalowa mokhota pa mbedza, komanso, chimene anthu sachizindikira, ndi kupukusa chogwirira pamene nsomba ikukoka drag (buleki yolola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu) ikulira. Mukamapukusa chingwe chisakulowa, kuzungulira kulikonse kumachipota. Pochiza dulani nyambo, musasiye kalikonse kunsonga, tulutsani chingwe kumbuyo kwa bwato likuyenda kwa mphindi zingapo. Ngati muli pamtunda chikokeni pa kapinga mukuyenda, kenako kulungani mutachipanikiza ndi zala. Ndipo zolowerani kutseka bail (kawaya kokhota kolowetsa chingwe pa spool) ndi dzanja mukaponya, n'kukoka chingwe pang'ono kuti chikungike musanayambe kupukusa. Kankhata kokhwepa kamene kamakwiririka pansi nthawi imeneyo ndi kamene kamadzakhuthula zonse mukamaponya kachisanu.

Drag mwamanga koma chingwe chikungotuluka

Apa ambiri amathamangira kumasula reel poganiza kuti drag yafa. Musanatero lembani kamzere ndi cholembera kuchokera pa chingwe kufika pamlomo wa spool, kenako kokani. Mukaona mzerewo wasiyana, chingwe chayenda koma spool ili pomwepo, ndiye kuti braid yense akuterera pa chitsulo cha spool. Braid amapangidwa ndi ulusi woterera umene sugwira chitsulo. Mono amagwira.

Iyi ndi ntchito yoyamba ya chingwe munachotsa chija. Mangani mono pa spool, kulungani mpaka chitsulo chonse chitakwiririka mizere iwiri kapena itatu, lumikizani ndi braid, dzazani. Reel ikakhala yaikulu wonjezerani mono wambiri pansipo. Braid ndi wodula, ndipo kabokosi kake kambiri kamakhala ka mayadi 150, amene ndi mamita 137. Bass sakutengerani mamita 100, ndiye kabokosi kamodzi kakhoza kukwanira ma reel awiri ngati pansi mwadzaza ndi mono. Chenjezo ndi limodzi: mono wonenepa kwambiri amasiya timipata pakati pa mizere, ndipo braid wowonda amalowamo n'kukanirira. Kulungani kamodzi tepi ya magetsi pamwamba pa mono musanayambe braid, vutolo latha.

Nyambo yoyandama ikukola chingwe chake chomwe

Amene amakonda popper (nyambo yoyandama yolavula madzi) ndi nyambo zoyenda mokhotakhota pamwamba pa madzi akulidziwa vutoli. Mwaponya bwino m'mphepete mwa bango, mwagwedeza kawiri, nyambo yayamba kubwera chammbali ikukoka thovu. Mukaitulutsa mupeza mbedza yakutsogolo, ya mano atatu ija, yakola chingwe. Kuponya kumeneko kwapita pachabe, ndipo nthawi imene bass amadya pamwamba, m'mawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo likamalowa, ndi yochepa kwambiri.

Wolakwa ndi braid, chifukwa ndi wofewa kwambiri. Mukakhwepetsa ndodo pakati pa kugwedeza, braid amagwa n'kugona pamadzi, nyambo imapitirira kutsetsereka n'kumukwera. Ena amaika chingwe china chooneka ngati mono, chotchedwa fluorocarbon, kutsogolo poganiza kuti ndiye chingwe chapamwamba pa chilichonse, koma pano amaonjeza vuto. Fluorocarbon ndi wolemera kwambiri kuposa madzi, amamira msanga n'kukokera mphuno ya nyambo pansi, popper n'kusiya kulavula madzi. Nayiloni imangolemerako pang'ono kuposa madzi, ndiye imachedwa kumira, ndipo ikakhala yonenepa imauma mokwanira kuti iime patsogolo pa nyambo osapindikira kumbuyo. Pa ntchito iyi kuuma kumene kunakuvutani pa spool kuja ndi kumene mukukufuna.

Ikani mono wa 20 lb kapena 25 lb wotalika masentimita 50 mpaka mita imodzi. Ineyo ndimakonda wamfupi, kuti mfundo yolumikizira ikhale kunja kwa mphete yakunsonga ndikamaponya. Mfundo ya chingwe chonenepa ikamadutsa m'timphete ta pandodo imagunda, imachepetsa mtunda, ndipo ikagundagunda tsiku lonse imafooka. Polumikiza, mfundo ya Albright ndiyo yosavuta pa zingwe zosiyana kunenepa: pindani mono kuti apange kakhomo, lowetsani braid, kulungani ka 12 kapena kuposerapo mozungulira miyendo iwiri ya mono mukubwerera kokhotako, tulutsani braid mbali yomwe analowera. Kutulukira mbali ina ndi kumene kumamasula mfundoyi. Amene ali ndi mtima wodekha aphunzire ya FG, imene ndi yowonda kuposa zonse ndipo imadutsa m'timphete mosavuta, koma aiphunzirire kunyumba, osati pabwato mphepo ikuwomba.

Ikamakolabe ngakhale mwaika mono, yang'anani kaponyedwe. Nyambo ikatsala pang'ono kugwa, gwirani chingwe ndi chala kuti iwongoke m'malere, igwe mchira uli kutsogolo.

Pali malo amodzi pamene mono sindimulola konse: poponya chule wa pulasitiki pakati pa namasupuni kapena pa masamba oyandama. Pamenepo mangani braid wa 50 lb molunjika ku nyambo. Braid amadula udzu nsomba ikamathawa, pamene mono amangoukulunga mpaka mukukoka mtolo.

Nsomba ikudya koma mbedza sikulowa, kapena ikulowa n'kuthothoka

Madandaulo awiriwa amachokera pa chinthu chimodzi, kutamuka, koma mankhwala ake ndi otsutsana. Mono akhoza kutamuka mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake asanaduke. Taganizani: mwaponya mamita 30, bass watola nyongolotsi ya pulasitiki, mwatsomphola ndodo. Chingwe chikangotamuka gawo limodzi mwa magawo 20, mita imodzi ndi theka ya kutsomphola kwanu yathera m'chingwe, ndipo chingwe chonenepa chimakhalanso ndi mimba m'madzi imene iyenera kuwongoka mphamvu isanafike ku mbedza. Mbedza yonenepa yobisika m'pulasitiki singalowe choncho.

Ngati vuto lanu ndi limeneli, fupikitsani kaponyedwe kapena sinthani kuti braid akhale chingwe chachikulu, mono akhale mita imodzi yokha kutsogolo. Nsomba ikatola, pukusani kaye mpaka mumve kulemera, kenako kokerani ndodo kumbali mwamphamvu mukupukusabe. Nolani mbedza. Ikani nsonga yake pa chikhadabo: ikatsetsereka osakanda, ndi yobuntha. Dziwaninso kuti pa mphamvu yofanana, mono wonenepa amatamuka pang'ono kuposa wowonda. N'chifukwa chake pa baitcaster, poponya jig (mbedza ya mutu wa mtovu) kapena spinnerbait (nyambo ya waya yokhala ndi timasupuni tozungulira) mamita 10 kapena 15 m'mbali mwa zitsa ndi miyala, mono wa 20 lb wodzaza reel yonse amagwira ntchito bwino, ndipo amapirira kukhulana ndi mwala kuposa braid, amene akakhudza mwala wakuthwa ali wokungika amaduka nthawi yomweyo.

Dandaulo lachiwiri limamveka kwa amene asamukira ku braid ndi mtima wonse. Bass wadya crankbait (nyambo yolimba yooneka ngati kansomba, imene imamira mukamapukusa), wadumpha, wapukusa mutu, nyambo yabwerera yokha. Mbedza za mano atatu ndi zazing'ono, zimangogwira kakhungu ka pamlomo, ndipo braid satamuka, ndiye kugwedeza kulikonse kumakuza bala mpaka mbedza kutuluka. Pano kutamuka ndi kumene kukusowa. Talikitsani mono wakutsogolo afike mamita awiri, kapena ikani mono yekhayekha pa baitcaster, ndipo masulani drag. Muyeso wake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena atatu, a mphamvu ya chingwe chofooka kwambiri pa zimene mwalumikiza. Pa 20 lb ndiye kuti makilogalamu awiri ndi pang'ono. Sikelo ngati mulibe, mangirirani chigubu cha malita 2 chodzaza madzi, ndodo italoza pansi pomwe pali chigubucho, ndipo mangani drag mpaka izingoyamba kutuluka chigubu chikamanyamuka.

Musaderere zimenezi poganiza kuti kuno ku Zimbabwe kulibe nsomba zazikulu. Ku Darwendale, damu limene tsopano limatchedwa Lake Manyame, kunagwidwa bass woposa makilogalamu 8 m'chaka cha 2004.

Chingwe chaduka: werengani nsonga imene yabwerera

Chingwe cha makilogalamu 13 chikaduka pa nsomba ya makilogalamu awiri, musafulumire kumanga nyambo ina. Nsonga yotsalayo imanena chimene chachitika, ndipo pa mono wonenepa zimaoneka bwino ndi maso.

Nsonga ikabwera yopiringizika, chingwe sichinaduke ayi, mfundo ndiyo yasololoka. Izi zimachitika kwambiri ndi mono wonenepa chifukwa anthu amamanga monga amamangira chingwe chowonda, kukulunga kasanu ndi kawiri. Chingwe chouma sichilola kuti mizere yonseyo ikhale pansi, mfundo imaoneka ngati yamanga koma mkati muli mpata. Pa 20 lb kulungani kasanu, pa 30 lb kanayi, pa 50 lb katatu. Nyowetsani ndi malovu, kokani pang'onopang'ono mosalekeza mpaka mizere ifole bwino, ndipo pomaliza kolani mbedza pa chinthu cholimba kapena igwireni ndi pulayala, mukoke ndi mphamvu zenizeni. Zala zokha sizingakhazike mfundo ya 30 lb. Siyani kamchira ka mamilimita 3 kapena 4.

Ikaduka pamfundo penipeni, ndipo chingwe cha pamwamba pake chili chophwatalala kapena chopindikapindika, ndiye kuti munachiwotcha pomanga. Kukoka mfundo youma mwaliwiro kumatenthetsa nayiloni n'kuifoola pamalo omwewo.

Ikabwera yokhakhala, yoyera ngati yapalidwa kwa masentimita angapo, wadya ndi mwala, chitsa kapena mlomo wa nsomba. Bass ali ndi timano tokhakhala, mlamba nawonso chimodzimodzi, ndipo zikagwidwa zingapo chingwe cha pafupi ndi nyambo chimaperepeseka. Muzipititsa zala pa mita yomaliza mukagwira nsomba iliyonse ndiponso mukakodwa pansi. Mukamva kukhakhala dulani, mangani mwatsopano. Ikabwera yodulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, amenewo ndi mano a nsomba yotchedwa tiger, ndipo nkhani yake ili pansipa.

Chovuta kuzindikira ndi chingwe chimene chikuduka pakati, mobwerezabwereza, popanda chokhudza. Yambani ndi timphete ta pandodo, makamaka yakunsonga. Tengani kathonje mukapititse mkati mwa mphete iliyonse. Kakasiya ubweya pena pake, mpheteyo yang'aluka ndipo ikupala chingwe nthawi iliyonse mukaponya. Onaninso kagudumu ka pa bail ngati kakuzungulira. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye kuti chingwecho chapsa ndi dzuwa. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa la Seputembala ndi Okutobala siliseweretsa nayiloni. Ndodo yosiyidwa pakhonde kapena kumbuyo kwa galimoto imaphetsa chingwe mwakachetechete, ndipo chingwe chimene chakhala miyezi chitayalidwa padzuwa pa tebulo la wogulitsa chimafika m'manja mwanu chitafa kale, ngakhale kabokosi kakuoneka katsopano. Kuyesa kwake n'kosavuta: mangani mfundo wamba pakati pa kachidutswa, kulungani nsonga ziwiri pa timitengo, kokani mwadzidzidzi. Chikaduka mosavuta, kapena chikaoneka chotuwa chosanyezimira, chatha ntchito yakutsogolo. Chosungira chizikhala m'kabati mwamdima, kutali ndi kutentha ndi asidi wa batire.

Nyambo yasiya kusewera, kapena sikufika pansi

Nyambo yaing'ono ikamangidwa mothina ndi mono wa 25 lb imauma khosi, imangobwera molunjika osagwedera. Mangani mfundo yosiya kakhomo. Pangani mfundo wamba yokhwepa masentimita 10 kuchokera kunsonga, lowetsani nsonga m'diso la nyambo, bwezeraninso m'mfundo ija, kulungani katatu pa chingwe chachikulu, bwezerani kachiwiri m'mfundo yomweyo, nyowetsani, kokani. Kakhomoko kakhale kakang'ono, koti nsonga ya pensulo ingolowa, chifukwa kakakula kamakola mbedza.

Za kumira n'zosapeweka. Chingwe chonenepa chimakankhana ndi madzi ambiri, ndiye crankbait imene inalembedwa kuti imafika mamita atatu sifikako. Mukafuna pansi chepetsani chingwe. Koma vuto lomweli likhoza kukutumikirani. Bass akabwera m'madzi osaya kudzaswana nyengo yozizira ikatha, ndipo udzu wa m'madzi uli pafupi ndi pamwamba, crankbait yanu ikamangokola udzu musagule ina. Isamutsireni pa mono wa 20 lb, kwezani ndodo m'mwamba, idzayenda pamwamba pa udzuwo. Nyongolotsi ya pulasitiki yopanda mtovu nayonso imamira mochedwa pa chingwe chonenepa, ndipo masiku ena kuchedwa kumeneko ndi kumene nsomba ikudikira. Pa Carolina rig, pamene mtovu umakhala kutsogolo kwa swivel ndipo nyambo imatsatira kumbuyo, mono wa masentimita 60 mpaka 90 amathandiza kuti nyambo isafulumire kugona m'matope.

Madzi akayera kwambiri, monga zimakhalira m'madamu ena a m'mapulazi mu Juni ndi Julayi, nsomba zikamatsatira nyambo n'kubwerera, tsikani pa 12 lb kapena sinthani fluorocarbon. M'madzi obiriwira kapena amatope musadandaule za kuoneka kwa chingwe.

Udzu pa mbedza, ndi pulasitiki yosololoka

Apa ndi pamene tizidutswa ta 40 lb ndi 50 lb timaposa mtengo wake. Jig ikamakola udzu nthawi zonse, dulani kachidutswa, kapindeni pakati, mangani popindikapo kumbuyo kwa diso la mbedza ndi ulusi wosokera, donthezani supagulu, kenako dulani miyendo iwiriyo kuti ingopitirira pang'ono nsonga ya mbedza, wina uku wina uku. Udzu umatsetsereka pa miyendoyo, koma nsomba ikaluma imapindika. Mukaona kuti nsomba zikuphonya, chingwecho chauma kwambiri, bwererani pa 30 lb.

Nyongolotsi ya pulasitiki ikamasololokera pansi pa mbedza nthawi iliyonse mukaikoka mu udzu, kankhirani mutu wake mpaka ukwirire diso la mbedza, dulani mono wa 50 lb mopendeketsa kuti asongoke, bayani mutu wa nyongolotsiyo modutsa m'diso la mbedza mpaka atulukire mbali inayo, dulani mbali zonse ziwiri. Nyambo imodzi imakhalitsa, ndipo tonse tikudziwa kuti paketi yake si yotchipa.

Tiger

Pano ndilibe mawu ofewa. Mono, kaya wa 50 lb kaya wa 80 lb, si chitetezo chodalirika ku mano a tiger. Mwina mugwira mmodzi kapena awiri, koma wamkulu amene munamuyendera ulendo wonse wa ku damu la Kariba adzadula, ndipo adzapita ndi supuni m'kamwa. Ikani waya wa masentimita 20 mpaka 30. Asodzi a mpikisano wa tiger wa ku Kariba, umene unayamba m'chaka cha 1962, samusiya waya.

Malo a mono wonenepa ndi kumbuyo kwa waya. Mita imodzi kapena iwiri ya 30 lb pakati pa braid ndi waya imalandira kugunda koyamba ndi kudumpha, ndipo imapirira kukhulana ndi mitengo ya tsanya imene inamira damu litadzaza ndipo idakali chiimire m'madzi. Ngati chingwe chikudulidwa pamwamba pa waya, vuto ndi swivel yonyezimira: tiger wina amaiona ikuthwanima mnzake akamalimbana nanu, n'kuiluma. Gwiritsani ntchito swivel yakuda yaing'ono, kapena lumikizani waya ndi mono molunjika ndi Albright, waya ndiye apange kakhomo.

Nyambo yakodwa pansi ndipo chingwe chikukana kuduka

Musanafike pamenepa konzani mphamvu za zingwe zanu. Mono wakutsogolo akhale wofookerapo kuposa braid, monga 20 lb pa braid wa 30 lb, kapena 30 lb pa braid wa 50 lb. Mukatembenuza, podula pamaduka braid, mumataya nyambo, mono ndi mamita ambiri a chingwe chodula, n'kuwasiya m'madzi.

Yesani kaye kumasula. Kungani chingwe, kokani ndi chala pakati pa reel ndi mphete yoyamba, n'kusiya mwadzidzidzi kangapo. Kutamuka kwa mono kumakankhira nyambo m'mbuyo ndipo nthawi zina imatuluka. Sinthani pomwe mwaima mukokere mbali ina. Zikakanika musakoke ndi ndodo yopindika, ndodo ndiyo idzathyoka. Musakulungenso chingwe padzanja, chifukwa chimacheka mpaka mnofu. Chikulungeni kangapo pa kamtengo kolimba, tembenuzani nkhope, bwererani m'mbuyo molunjika. Nkhope muitembenuzedi, achimwene, chifukwa mono wotamuka akamasuka mwadzidzidzi amabweza nyambo ndi mtovu molunjika kumene mwaima. Ndipo musalowe m'madzi kukawombola nyambo. Ku damu la Chivero ndi ku Manyame kuli ng'ona, osanenanso za likodzo. Za Chivero, funsani kaye ku ofesi ya ZimParks, bungwe loona za nyama zakuthengo, ngati kuwedza kukuloledwa musanawononge ndalama ya thiransipoti, chifukwa mu Disembala 2024 analetsa usodzi kumeneko madzi oipa atapha nsomba zambiri ndi zipembere zinayi.

Chingwe chimene mwadula musachisiye pagombe. Nayiloni siola msanga, ndipo imakola akakowa, abakha ndi nkhwazi m'miyendo ndi m'mapiko. Chikulungeni m'thumba, mukafika kunyumba chiduleni tizidutswa tatifupi ndi sizasi musanachitaye. Chimene changopsa ndi dzuwa koma n'chachitali, chisungeni kuti mudzadzazire pansi pa braid mukamadzasintha chingwe.